Digiri Ili M'manja, Nanga Manjawo Akonzeka? Zimene Madokotala a Mano Atsopano Amanena za Maphunziro Awo

Munthu akamaliza maphunziro a udokotala wa mano amakumana ndi mafunso awiri. Loyamba amam'funsa aphunzitsi ake kudzera m'mayeso: kodi wagwira zimene tinam'phunzitsa? Lachiwiri amadzifunsa mwiniwake akatha miyezi ingapo ali pa ntchito: kodi zimene ndinaphunzira zija zikundikwanira tsopano pamene wodwala wakhala pampando, wayasama, ndipo kumbuyo kwanga kulibe mphunzitsi?

Kwa zaka zambiri, sukulu za mano m'mayiko osiyanasiyana zakhala zikufunsa omaliza kumene funso lachiwirili, ndipo mayankho ake amafanana kwambiri. Ambiri amayamikira zimene anaphunzira m'kalasi. Amadzidalira pa ntchito zimene anazichita kambirimbiri pa odwala enieni. Koma mtima umawagunda pa ntchito zimene anangozionerera, kapena anazichita kamodzi kapena kawiri kokha. Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu chifukwa dziko la Malawi layamba kumene kutulutsa madokotala a mano ophunzitsidwa konkuno. Ikukhudzanso aliyense wa inu amene akuphunzira ntchito yogwira odwala ndi manja, kaya ndi unamwino, uzamba, za labotale kapena clinical medicine.

Kuchokera m'buku kufika m'kamwa mwa munthu

Kuti timvetse madandaulo ndi mayamikiro a omaliza kumene, tiyambe taona njira imene amadutsa. Ku Britain ndi m'mayiko ambiri amene amatsata kaphunzitsidwe kawo, digiri ya udokotala wa mano, yotchedwa Bachelor of Dental Surgery, imatenga zaka 5. Zaka zoyambirira zimathera pa sayansi ya thupi la munthu: mafupa, minofu, mitsempha, tizilombo toyambitsa matenda ndi mankhwala. Dokotala wa mano amayenera kudziwa thupi lonse, chifukwa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mankhwala oletsa magazi kuundana zimasintha mmene angathandizire munthu.

Kenako wophunzira amalowa m'chipinda cha zidole. Chidole chilichonse, chimene amachitcha phantom head, ndi mutu wokhala ndi nsagwada ndi mano a pulasitiki, nthawi zina mano enieni amene anazulidwa kale. Apa m'pamene amaphunzira kugwira kamakina kopalira dzino, kukonza bowo kuti amatepo, komanso kugwira ntchito akuyang'ana pa kagalasi kakang'ono, pomwe dzanja limaoneka ngati likulowera kwina. Chidole chimathandiza kwambiri, koma chili ndi polekezera. Chilibe malovu, chilibe lilime lokankha chida, sichituluka magazi, sichiopa jakisoni, ndipo sichifunsa kuti, "Adokotala, sizipweteka?"

Gawo lachitatu ndi la odwala enieni. Kusukulu, ntchito imayenda pang'onopang'ono. Wophunzira akafunsa mbiri ya matenda amaitana mphunzitsi. Akapala dzino amaitananso. Akamata amaitananso kuti mphunzitsi aone ndi kusaina. Motero dzino limodzi likhoza kudya m'mawa wonse. Zonse zimene wachita zimalembedwa m'buku lake la ntchito, ndipo sukulu zambiri zimafuna kuti akwanitse chiwerengero china cha ntchito, kapena apambane mayeso a luso lililonse, asanaloledwe kulemba mayeso omaliza.

Zimene amati akuzitha, ndi zimene zimawaopsa

Dziko la Britain ndi chitsanzo chabwino chifukwa kumeneko afunsa funsoli kangapo. Mu 2006, magazini ya British Dental Journal inasindikiza kafukufuku amene anafunsa madokotala a mano a ku England omwe anali m'chaka chawo choyamba cha ntchito, pamodzi ndi akuluakulu owayang'anira. Atsopanowo anati sukulu inawakonzekeretsa bwino pa kufunsa mbiri ya wodwala, kupeza vuto, kukonza dongosolo la chithandizo ndi kumata mano mwa masiku onse. Pomwe anaona kuti panaperewera ndi pa ntchito zovutirapo, monga kuzula dzino lofunika kachiopaleshoni ndi kuwongola mano ndi mawaya.

Mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011, ophunzira a chaka chomaliza a ku Cardiff ku Wales ndi a ku Cork ku Ireland anapereka mayankho ofanana ndi amenewa. Ankadzidalira kwambiri pa kuchotsa litsiro louma la m'mano, kutseka timing'alu ta mano kuti asawole, ndi kuphunzitsa anthu katsukidwe ka m'kamwa. Kuzula dzino mwa opaleshoni kunali m'gulu la ntchito zimene ankaziopa kwambiri.

Mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2017, Kamran Ali ndi anzake anagwiritsa ntchito mndandanda wa mafunso 50 pofunsa ophunzira a chaka chomaliza m'sukulu za ku United Kingdom. Kuwonjezera pa zovuta za manja, monga kuveka dzino chisoti, kukonza mano oikirira ndi kuchotsa mtsempha wa dzino, panatulukanso zina zimene anthu sazilingalira msanga. Ophunzira sankadzidalira kwenikweni pa kulemba mankhwala, pa kutumiza kwa katswiri munthu amene akumuganizira khansa ya m'kamwa, komanso pa kuneneza mnzawo wa ntchito amene akuchita zosayenera. Zinthu zitatuzi sizifuna dzanja laluso. Zimafuna kuganiza bwino ndi kulimba mtima, ndipo n'zovuta kuziphunzira pa chidole.

N'chifukwa chiyani mayankho amafanana chonchi?

Chifukwa choyamba ndi kuvuta kwa ntchitozo pazokha. Tengani ntchito yochotsa mtsempha wa dzino, imene amaitcha root canal. Dzino la kutsogolo nthawi zambiri limakhala ndi muzu umodzi ndi kanjira kamodzi kowongoka. Dzino lalikulu lotafunira la kumbuyo limakhala ndi mizu iwiri kapena itatu ndi tinjira titatu kapena tinayi, tina topindika, ndipo lili pamalo povuta kuona. Kuzulanso kuli mitundu iwiri. Pali dzino limene limagwedezeka n'kutuluka ndi chida chozulira. Ndiye pali dzino lothyokera m'munsi mwa nkhama, kapena lomalizira la kumbuyo limene lamera chogona, lomwe limafuna kucheka nkhama, kusema fupa pang'ono, kuligawa dzinolo ndi kusoka. Onse amatchedwa kuzula dzino, koma luso lake n'losiyana kutalitali.

Chifukwa chachiwiri ndi kusowa kwa mpata. M'chipatala chophunzitsira, odwala a mavuto ovuta amapita kwa akatswiri kapena kwa madokotala amene akuphunzira ukatswiri, ndipo wophunzira wa digiri yoyamba amangogwirira kachida koyamwa malovu n'kumaonerera. Zinanso sizingakonzedwe pa ndandanda ya maphunziro. Palibe mphunzitsi amene angalonjeze kuti Lachiwiri likudzali kudzabwera mwana amene dzino lake laguluka pa mpira, kapena kuti wodwala adzakomoka pampando. Wophunzira akhoza kumaliza zaka zonse asanaone ngozi yotere, ngakhale kuti akuidziwa bwino m'buku.

Chifukwa chachitatu ndi kusiyana kwa sukulu ndi ntchito. Amene anazolowera odwala awiri pa tsiku amapeza benchi yodzaza. Amayenera kugawa nthawi, kulemba mafayilo, kugwira ntchito ndi othandizira, kuitanitsa zipangizo, ndi kufotokozera wodwala za ndalama ngati ali m'chipatala cholipiritsa. Omaliza kumene m'mayiko ambiri amadandaula kuti za kayendetsedwe ka chipatala anaziphunzira pang'ono kwambiri.

Umboni woti odwala enieni alibe chowalowa m'malo unaoneka pa nthawi ya mliri wa COVID-19. Kamakina kopalira mano kamauluza timadontho ta madzi ndi malovu, choncho mu 2020 zipatala zophunzitsira zambiri zinaimitsa kapena kuchepetsa ntchito. Maphunziro a m'kalasi anapitirira pa intaneti, koma odwala kunalibe. Ku Scotland, mu 2021 kunalengezedwa kuti ophunzira za mano a ku Glasgow ndi ku Dundee abwereze chaka chonse, ndipo amene anayenera kumaliza chaka chimenecho anamaliza mu 2022. Sanalephere mayeso ayi. Chimene chinasowa ndi maola ogwira odwala, ndipo aphunzitsi anaona kuti popanda maolawo sangawalole kutuluka.

Kudzidalira ndi luso n'zinthu ziwiri

Pali chenjezo pa kafukufuku wa mtundu umenewu. Amayeza mmene munthu akudzionera, osati mmene ntchito yake ilili. Mu 2006, magazini ya JAMA ya ku America inasindikiza lipoti limene linasonkhanitsa maphunziro osiyanasiyana oyerekeza mmene madokotala amadziyezera okha ndi mmene ena amawayezera. Linapeza kuti nthawi zambiri ziwirizi sizigwirizana, ndipo ena mwa amene ankalakwitsa kwambiri podziyeza anali a luso lochepa komanso odzidalira kwambiri. Choncho womaliza kumene amene akuti "ndikuzitha" akhoza kukhala woopsa kuposa amene akuti "apa ndikufuna thandizo". N'chifukwa chake ofufuza ena amafunsanso akuluakulu oyang'anira, amene kawirikawiri amaona zoperewera zambiri kuposa zimene atsopanowo amadzionera.

Mu 1990, katswiri wa kaphunzitsidwe ka madokotala, George Miller, anafotokoza kuti luso lili ndi masitepe anayi. Loyamba ndi kudziwa chinthu. Lachiwiri ndi kudziwa mmene ungachigwiritsire ntchito. Lachitatu ndi kuonetsa kuti ungachite pamaso pa woyesa. Lachinayi ndi kuchichita tsiku ndi tsiku pa ntchito. Mayeso olemba amayeza masitepe awiri oyamba. Mayeso a OSCE, amene ambiri a inu mumawadziwa, omwe Ronald Harden wa ku Dundee ndi anzake anawafotokoza mu 1975, amayeza sitepe lachitatu. Sitepe lachinayi limaoneka pa ntchito pokha. Omaliza kumene akamanena kuti anakhoza mayeso koma akuchitabe mantha, sakudzitsutsa. Akungosonyeza mpata umene uli pakati pa sitepe lachitatu ndi lachinayi.

Izi sizikutanthauza kuti maganizo awo ndi opanda pake. Ngati magulu otsatizana a omaliza kumene, m'sukulu zosiyana, akuloza malo amodzimodzi, ndiye kuti pamalopo pali vuto lenileni limene sukulu iyenera kulikonza.

Digiri imatulutsa woyamba kumene

Bungwe la General Dental Council, limene limalembetsa madokotala a mano ku United Kingdom, linagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri mawu akuti safe beginner pofotokoza munthu amene sukulu iyenera kutulutsa. Tanthauzo lake ndi woyamba kumene amene saika odwala pachiswe: amatha ntchito za masiku onse, amadziwa pomwe luso lake lathera, ndipo amapempha thandizo nthawi isanathe. Palibe sukulu imene imatulutsa katswiri wokhwima m'zaka 5.

Pa chifukwa chimenechi, amene akufuna kugwira ntchito m'zipatala za NHS ku England amayamba ndi chaka chimodzi chotchedwa Dental Foundation Training. Amaona odwala ake, koma m'chipatala chomwecho mumakhala dokotala wamkulu amene angam'gogodere chitseko dzino likathyoka, ndipo pamakhala masiku a maphunziro apadera. Ku South Africa, kuyambira mu 2000, madokotala a mano atsopano amagwira chaka chimodzi cha community service m'zipatala za boma. Cholinga chachikulu cha chakachi ndi kufikitsa chithandizo kumadera osowa madokotala, choncho phindu lake kwa womaliza kumene limadalira ngati wapeza womuyang'anira kumene watumizidwa. Chaka choyamba chokhala ndi mlangizi chimakulitsa luso. Chaka choyamba cha munthu ali yekha chikhoza kungokhazikitsa zizolowezi zolakwika, kapena kum'phunzitsa kuthawa ntchito iliyonse yovuta.

Nanga kuno kwathu?

Kufikira mu 2019, Mmalawi aliyense wofuna udokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo dziko lonse, la anthu oposa 17 miliyoni pa nthawiyo, linali ndi madokotala a mano osakwana 50. Chaka chimenecho College of Medicine inatsegula maphunziro a Bachelor of Dental Surgery mogwirizana ndi University of Glasgow, kudzera mu MalDent Project imene inalandira ndalama kuchokera ku boma la Scotland. Lero maphunzirowa ali pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo gulu loyamba linalandira madigiri mu 2025. Mu 2022, Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsanso ndondomeko ya dziko yoona za umoyo wa m'kamwa, imene imatsindika kwambiri za kupewa matenda. Bungwe la Medical Council of Malawi ndilo limalembetsa madokotala a mano, ndipo omaliza kumene amayamba ndi internship asanaloledwe kuima paokha.

Mfundo yoti munthu amadzidalira pa zimene wachita kambirimbiri ikugwiranso ntchito kuno, koma odwala athu ndi osiyana ndi a ku Cardiff. Anthu ambiri amafika kuchipatala dzino litawola kale, atasowa tulo masiku angapo, ndipo chithandizo chofala kwambiri ndi kuzula. Wophunzira wa kuno ali ndi mwayi waukulu wozula mano ndi kuona zotupa za m'nsagwada. Ntchito zopulumutsa dzino, monga root canal ndi kuveka chisoti, zimafuna X-ray, mpando wogwira ntchito, magetsi, zipangizo zochokera kunja, komanso wodwala amene angakwanitse thiransipoti yobwerera kawiri kapena katatu. Chimodzi mwa izi chikasowa, mpata wophunzirira umasowanso.

Palinso zina zimene dokotala wa mano wa kuno ayenera kuzizindikira msanga: zizindikiro za HIV m'kamwa monga mafangasi oyera ndi khansa ya Kaposi, chotupa cha Burkitt chimene chimagwira nsagwada za ana, nsagwada zothyoka pa ngozi za pamsewu, ndi kutupa kwa pansi pa chibwano kochokera ku dzino lowola, kumene kungatseke njira ya mpweya n'kupha munthu. Ayeneranso kudziwa njira zogwirizana ndi malo opanda zipangizo zambiri, monga kumata dzino ndi zida za m'manja zokha popanda magetsi. Njirayi, yotchedwa ART, inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndipo inayesedwanso ku Zimbabwe.

Kusiyana kwakukulu kuli pa chitseko chogogoda chija. Dokotala watsopano akatumizidwa ku chipatala cha boma lakutali, katswiri wapafupi akhoza kukhala ku Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba kapena Mzuzu Central, ulendo wa maola angapo. Komabe sakhala yekhayekha. Kwa zaka zambiri, ntchito ya mano m'zipatala za m'maboma yakhala m'manja mwa ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ena a iwo azula mano ambiri kuposa amene wa digiri yatsopano anawaonapo. Wanzeru amafika ndi digiri yake n'kukhala pansi kuphunzira kwa iwo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

N'chifukwa chake mawu a magulu oyambirirawa ndi ofunika kuwamva mwadongosolo. Afunsidwe pomaliza sukulu, afunsidwenso patatha chaka ali pa ntchito, chifukwa munthu amadziwa bwino zimene zinam'perewera akakumana nazo. Afunsidwenso owayang'anira, kuti mbali ziwirizi ziyerekezedwe. Mayankhowo ndiwo angasonyeze ngati pakufunika mipando yowonjezera, aphunzitsi a luso linalake, kapena masabata ochuluka m'zipatala za kumidzi.

Zimene mungachite mukadali pasukulu

Ngakhale simukuphunzira za mano, phunziroli ndi lanu. Kuika diripu pa mwana wakhanda, kusoka mayi atabereka, kutenga madzi a pamsana ndi kuwerenga magazi pa maikulosikopu zimatsata lamulo lomweli. Choncho yambani ndi buku lanu la ntchito. Musalione ngati pepala losakira masaini. Lembani moona ntchito zimene munachita nokha, zimene munathandizira ndi zimene munangoonerera, ndipo muzisiyanitse. Saini yopempha pa ntchito imene simunachite imakupulumutsani kwa mphunzitsi lero, koma ngongole yake adzalipira ndi wodwala.

Chachiwiri, lembani ntchito zisanu zimene mungachite nazo mantha mutapatsidwa muli nokha usiku, ndipo muzisake dala pamene mphunzitsi akadali pafupi. Ophunzira ambiri amathamangira zimene amazitha kale chifukwa zimasangalatsa, n'kusiyira anzawo zovuta. Kulakwitsa pali wokuwongolerani n'kotchipa kuposa kulakwitsa muli nokha.

Chachitatu, pemphani ndemanga yeniyeni. Mawu akuti "mwachita bwino" sakuphunzitsani kanthu. Funsani kuti, "Kodi ndikanakonza pati?" ndipo mulole woyang'anira akuonerereni kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukatumizidwa ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, musakuone ngati chilango, chifukwa kumeneko ophunzira amakhala ochepa ndipo manja anu amagwira ntchito zambiri.

Chachinayi, yesererani za ngozi ndi anzanu mobwerezabwereza: wodwala wakomoka, shuga watsika, thupi lagwirizana molakwika ndi jakisoni. Dziwani pomwe pali mankhwala a ngozi ndi amene mungamuitane. Zinthu zosowa kuziona ndizo zimafuna kuyeserera kwambiri.

Pomaliza, sukulu yanu ikadzakutumizirani mafunso mutayamba ntchito, mudzayankhe moona. Kuyamikira kokha sikuthandiza amene akubwera m'mbuyo mwanu. Mukadzanena kuti ntchito yakutiyakuti munaichita kamodzi kokha musanatuluke, aphunzitsi adzadziwa pofunika kuwonjezera masabata, ndipo wa chaka choyamba wa lero adzatuluka ataichita kakhumi.